M'mera Mpoyamba: Mphunzitsi ndi Ana a Sitandade 1

Pamene ophunzira za uphunzitsi atumizidwa ku masukulu kukayesera ntchito imene aphunzira ku koleji, ambiri amapita ndi pemphero limodzi mumtima, loti mphunzitsi wamkulu asaŵapatse Sitandade 1. Amafuna makalasi a kumtunda, makamaka Sitandade 8, kumene ana ndi ochepa, odziŵa kale kugwira cholembera, ndiponso kumene dzina la mphunzitsi limamveka m'mudzi monse zotsatira za mayeso zikatuluka. Kalasi yoyamba amaiyesa malo a phokoso ndi fumbi, oyenera munthu wopanda luso lina. Maganizo ameneŵa ndi olakwa, ndipo akutayitsa dziko lathu ana ochuluka. Ngati pali kalasi yofuna mphunzitsi waluso koposa onse, ndi Sitandade 1. Ndipo ngati pali kalasi yobwezera mphunzitsi mphotho yooneka ndi maso, ndi yomweyo.

Tiyambe ndi zoŵaŵa, pakuti sibwino kunyenga munthu amene akuloŵa ntchito. M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chokoma kuona ana a amphaŵi akuloŵa pa khomo limene kale linali lotsekedwa kwa iwo. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liŵiro lomwelo. Boma linalemba aphunzitsi osaphunzira ntchito pafupifupi 20,000, amene kuyambira mu 1997 anaphunzitsidwa ali kale pa ntchito mu ndondomeko ya MIITEP. Katundu wa zaka zimenezo sitinamtule mpaka lero. Unduna wa Zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana osapitirira 60, komabe m'masukulu ambiri kalasi yoyamba imaposa ana 100, ndipo ena amaphunzirira pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa ku thunthu. Ena mwa anawo amafika osadya kanthu, ena opanda kope kapena pensulo, ndipo m'nyengo ya dzinja, mitsinje ikadzaza, ambiri amajomba kwa masiku angapo.

Komatu choopsa koposa khamu lenilenilo ndi chinyengo chimene khamulo limabala. Mphunzitsi alemba pa bolodi ma, me, mi, mo, mu, aloza ndi kandodo, ndipo ana onse ayankha pamodzi ndi mawu amphamvu omveka mpaka ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Wodutsa panja amati muno ntchito ikugwirika, ndipo mwini kalasi amaŵeruka mtima uli m'malo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwa ana onsewo, mwina okhala kutsogolo okha ndiwo akuŵerenga. Otsalawo akungotsata mawu a anzawo monga mmene mpingo umavomerera nyimbo imene wina waiyamba. Mwana wotere angathe chaka chonse akuimba maphatikizo osazindikira ngakhale lembo limodzi. Amabwereza kalasi, kapena amakankhidwira kutsogolo buku likadali mdima kwa iye. Akafika Sitandade 4 kapena 5, kumene phunziro lililonse limafuna kuŵerenga, manyazi amamgwira, ndipo tsiku lina sabweranso. Tikamakondwera kuti Sitandade 8 ili ndi ana ochepa, tikumbukire kuti ambiri mwa anzawo anagwera m'njira, ndipo ena anayamba kutsimphina pa tsinde pomwe.

Nanga mphunzitsi mmodzi angatani ndi khamu lotere? Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Ngati muli ndi ana 120, ndipo phunziro ndi la mphindi 30, gawo la mwana aliyense ndi masekondi 15 okha. N'chifukwa chake ambiri amataya mtima nathaŵira ku mayankho a chikhamu. Koma mutamamva ana 6 okha tsiku lililonse, mmodzimmodzi, pamene anzawo akukopera malembo m'makope kapena pa mchenga, pakutha masiku 20 a sukulu mudzakhala mutamva mwana aliyense. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Khalani ndi kope lanulanu la maina onse, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani malembo amene mwanayo waŵadziŵa ndi amene akumvutabe. Pomuyesa, musaloze motsata mzere umene anauimba. Yambani ndi mo, mubwerere ku ma, kenaka mumpatse mawu amene sanaŵaonepo, opangidwa ndi maphatikizo amene anaphunzira kale. Pamenepo mudzadziŵa ngati akuŵerenga kapena akuimba. Amene atsalira muŵakhazike kutsogolo, ndipo aliyense mumpatse mnzake wodziŵa woti akhale naye pa buku limodzi.

Ndondomeko ya National Reading Programme, imene Unduna unayambitsa mu 2016, inagaŵa kaphunzitsidwe m'magawo atatu: poyamba mphunzitsi achita yekha ana akupenyerera, kenaka achita pamodzi ndi ana, ndipo pomaliza ana achita okha. Gawo lachitatulo ndilo limadumphidwa kaŵirikaŵiri belu likayandikira, chikhalirecho ndilo lokha limene limaulula ngati phunziro laloŵa. Kuli bwino kutha theka la tsamba ana atachita okha, kusiyana ndi kutha tsamba lonse mphunzitsi akudzimvera yekha mawu.

Pa ntchito imeneyi chiyankhulo chathu chimatithandiza. Chicheŵa chimalembedwa pafupifupi monga chimayankhulidwira. Malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo katchulidwe kake sikasinthasintha monga kachitira m'Chingerezi. Mwana akangozindikira kuti m ndi a zikaphatikizana zimapanga ma, wapeza mfungulo yotsegulira buku lililonse la m'chiyankhulochi. Malo oterera alipo ndithu, monga nkh, mph, nth, dz ndi ts, ndipo pamenepo pafunika kufatsa, kuti mwana asiyanitse pala ndi phala, kapena ng'oma yovinira ndi ngoma ya kutchire. Kumbukiraninso kuti si mwana aliyense amene anayamwa Chicheŵa. Ku Karonga, ku Rumphi, ku Mangochi kapena ku Nsanje mudzalandira ana oyankhula Chinkhonde, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena. Mwana wotere akakhala chete, musafulumire kumuyesa wogona mutu. Mphunzitsi wanzeru amaphunzira moni ndi mawu angapo a chiyankhulo cha anawo, ndipo anawo akamva mawu akwawo pakamwa pa mphunzitsi, mantha amachepa, pakamwa namasuka.

Wina adzati: zonsezi n'zabwino, koma ulemu sadya, ndipo ngakhale ulemuwo umapita kwa wa Sitandade 8. Mawu ameneŵa sitingaŵakankhire kumbali. Mphunzitsi nayenso ali ndi banja. Amafuna nyumba yosadontha, malipiro ofika m'nthaŵi yake, ndi kukwezedwa pa ntchito akaigwira bwino. Kutonthoza mphunzitsi wanjala pomuuza kuti mphotho yake ili kumwamba ndi chipongwe, ndipo aphunzitsi amachita bwino akamadandaula za moyo wawo kudzera m'bungwe lawo la Teachers Union of Malawi. Koma dandaulolo lipite kwa amene angalikonze. Mwana wa zaka 6 alibe ngongole ndi inu, ndipo chaka chimene ataya m'manja mwanu palibe amene adzambwezera. Kunena za ulemu, tifunse kuti mphunzitsi wa Sitandade 8 amakolola chiyani. Mayeso a MANEB amayankhidwa ndi mwana wodziŵa kuŵerenga funso. Anthu amayamika wotuta chimanga naiŵala wobzala, koma wodziŵa ulimi amadziŵa kuti nkhokwe inadzaza tsiku limene mbewu inagwera bwino m'phando.

Tsono mphotho ya wobzalayo ndi yotani? Yoyamba ndi tsiku limene mwana, atatha milungu akuyang'ana malembo ngati mapazi a nkhuku, aphatikiza yekha mawu, naŵatchula, nazindikira kuti ndi mawu amene amaŵamva kunyumba. Amadzutsa mutu kuyang'ana mphunzitsi wake ngati munthu amene watola ndalama m'njira. Mphunzitsi wa makalasi a kumtunda saona kaŵirikaŵiri chinthu chotere, pakuti iye amawonjezera pa nyumba yomangidwa kale. Yachiŵiri ndi yakuti ntchito imeneyi sifafanizika. Mwana angaiŵale maina a mitsinje ndi zaka za m'mbiri, koma amene wadziŵa kuŵerenga saiŵalanso. Ngakhale atalekera sukulu panjira chifukwa cha umphaŵi, adzaŵerengera agogo ake buku la kuchipatala, adzamva malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala a mbewu, adzaŵerenga yekha uthenga wa pa foni, ndipo sadzadinda chala pa pepala limene sakulidziŵa. Yachitatu imagwera mphunzitsi mwini: amene waphunzira kugwira mitima ya ana 100 popanda chikwapu, kulongosola chinthu chimodzi m'njira zisanu, ndi kuzindikira mwana wodwala asananene, sadzalephera kalasi ina iliyonse.

Chifukwa cha zimenezi, aphunzitsi aakulu aleke kuika mu Sitandade 1 munthu amene asoŵa pomuika, koma aikemo amene amamdalira. Ndipo inu aphunzitsi a maŵa, mukafika pa sukulu imene mwatumizidwa, ndipo mphunzitsi wamkulu akakulozerani chipinda cha phokoso chija, musagwe nkhope. Pemphani kaundula, mutenge kope lanu, ndipo muyambe kuloŵeza maina. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mundawo ndi wanu, ndipo mvula yagwa kale.