Komiti yosaphunzitsidwa singateteze chitukuko

Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko imene tonse timaitchula kuti mphamvu ku anthu. Cholinga chidali chakuti chitukuko chiziyambira kumudzi. Komiti ya chitukuko ya kwa gulupu (VDC) imve zosowa za anthu, izitumize ku komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu (ADC), kenako khonsolo iziike mu ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Papita zaka zoposa 25 ndipo makomitiwo alipo pafupifupi paliponse. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amene ali m'makomitimo adasankhidwa pansi pa mtengo, n'kuomberedwa m'manja, n'kusiyidwa okha popanda wowauza ntchito yawo ndi malire a mphamvu zawo. Maganizo anga ndi akuti kuphunzitsa atsogoleri amenewa ndi ntchito ya boma, iyenera kukhala ndi ndalama zakezake mu bajeti ya khonsolo iliyonse, ndipo ikapanda kuchitika ndalama zotumizidwa kumadera zidzapitirira kuthera m'matumba mwa ochenjera.

Taonani zimene zimachitika pomanga chipinda chophunziriramo. Kontirakitala amafika ndi chikalata chachingerezi, n'kupempha wapampando wa komiti kuti asaine kuti gawo loyamba la ntchito latha bwino. Wapampandoyo sadaonepo mgwirizano wa ntchitoyo. Sakudziwa kuti padalembedwa matumba angati a simenti, malata a geji yanji, ndalama zonse zingati. Sakudziwanso kuti ali ndi ufulu wokana kusaina. Amasaina chifukwa choopa kutchedwa wodana ndi chitukuko, ndipo mvula ziwiri zikagwa khoma limang'ambika, pansi n'kuyamba kufumbuka. Anthu amaloza chala komiti kuti idadya nawo, chikhalirecho nthawi zambiri komitiyo idangosowa chidziwitso. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) lidayamba mu 2006 ndipo ndalama zake zakhala zikukwezedwa, koma luso la anthu oyenera kulondoloza ndalamazo kumudzi silidakwezedwe nawo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Ndi makomiti angati amene adauzidwa kuti angathe kulembera khonsolo kalata yopempha kuona mgwirizano wa kontirakitala?

Mpata umenewu uli ndi chiyambi chake. Makhansala amene adasankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Kwa zaka zonsezo makomiti a m'midzi adalibe wowalumikiza ndi khonsolo, ndipo ambiri adazolowera kuyang'ana kwa phungu ngati mwini chitukuko. Ntchito yophunzitsa idatsalira m'manja mwa mabungwe omwe si aboma, amene amaphunzitsa za pulojekiti yawo yokha, m'midzi yawo yokha, n'kuchoka ndalama zikatha. M'tauni zinthu n'zovuta koposa. Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mafumu ulamuliro m'mizinda, komabe ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi anthu amathamangira kwa mfumu ya m'dera kapena block leader pakagwa maliro, pakabuka mkangano wa malire a poloti, ngakhale pofuna kalata. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi 2023, oyamba kufukula anthu m'matope ku Chilobwe adali anansi awo ndi makasu m'manja. Kolera amene adayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 adafuna atsogoleri a m'madera odziwa kulondolera anthu za madzi, zimbudzi ndi kaikidwe ka maliro. Timawasenzetsa udindo waukulu chonchi pa tsiku la tsoka, koma pa masiku a mtendere palibe amawakonzekeretsa.

Umboni wakuti maphunziro amapindula tili nawo kwathu konkuno. Mu 1968 kwa Chingale ku Zomba kudayamba ntchito ya madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera kuphiri. Anthu adakumba okha ngalande, adasankha makomiti a pampopi, ndipo ena adaphunzitsidwa kulumikiza mapaipi akaphulika. Ntchitoyo idafalikira ku Mulanje ndi maboma ena mpaka kutchuka kunja kwa dziko lino, ndipo mipope yambiri idayamba kuuma pamene kuyendera ndi kuphunzitsa makomiti kudachepa. Mjigo wa Afridev udapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha. Pamene komiti idaphunzitsidwa pamakhala kope la zopereka za pamwezi ndi munthu wodziwa kusolola ndodo n'kusintha labala yotha, koma pamene sidaphunzitsidwe mjigo umafa chifukwa cha kachipangizo kotsika mtengo, amayi n'kubwerera kudambo. Onaninso mabanki mkhonde. Amayi amene ena a iwo adalekeza sukulu ku pulayimale amasunga mabuku, kuwerengera chiwongoladzanja ndi kugawana ndalama pakutha pa chaka, chifukwa wina adakhala nawo pansi n'kuwaphunzitsa m'chinenero chawo. Anthu otere sangalephere kumvetsa bajeti ya mlatho.

Ena adzati maphunziro m'dziko muno adasanduka njira yodyera maalawansi, ndipo akunena zoona. Misonkhano ya kunyanja imene imatha ndi maenivelopu yaononga dzina la maphunziro. Koma yankho lake ndi kusintha kaphunzitsidwe. Maphunziro amene ndikunena achitikire m'kalasi ya pasukulu ya m'mudzimo kapena m'tchalitchi, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, kwa komiti yonse osati wapampando yekha, ndipo aphunzitsi akhale alangizi a chitukuko amene boma limawalipira kale ndipo limawaphunzitsa ku Magomero. Zophunzira zikhale zogwirika: kuyendetsa msonkhano ndi kulemba zokambirana, kusanja zosowa za mudzi, kuwerenga mndandanda wa zipangizo, kusunga malisiti, kupereka lipoti pabwalo, ndi kudziwa kokadandaula zinthu zikapotoka. Enanso adzati ndalama n'zochepa, ndi bwino kugulira njerwa ndi simenti. Koma chipinda chimodzi chomangidwa mwachinyengo n'kugwa chimadya ndalama zochuluka kuposa zimene zikadaphunzitsa komiti yochiyang'anira.

Chotsutsa chachitatu ndi cholemera kuposa zonse, chakuti vuto lenileni ndi ndale, chifukwa makomiti ena amadzazidwa ndi abale a mfumu kapena otsatira chipani, ndipo wophunzitsidwa akhoza kungokhala wakuba wochenjera. Izi zimachitikadi, ndipo n'chifukwa chake chidziwitsocho sichiyenera kukhala cha anthu awiri atatu. Komiti yonse ikaphunzira, amayi ndi achinyamata omwe, ndipo gawo lina la maphunzirowo likachitikira pabwalo pamaso pa mudzi wonse, kumakhala kovuta kuti mmodzi abise kanthu. Umbuli wa anthu wamba ndiwo umateteza wakuba. Ngakhale wophunzitsidwayo atachoka pampando, zimene adaphunzira amapita nazo ku komiti ya sukulu, ya zaumoyo kapena ya mpingo, ndipo zimakhalabe m'mudzi momwemo.

Choncho unduna wa maboma ang'onoang'ono ulamule kuti komiti iliyonse yongosankhidwa kumene iphunzitsidwe isanayambe ntchito, ndipo khonsolo iliyonse iike ndalama za ntchito imeneyi mu bajeti yake chaka ndi chaka. Aphungu a nyumba ya malamulo aunikenso malamulo kuti atsogoleri a m'madera a m'tauni adziwike bwino udindo wawo. Inu makhansala, musavomereze bajeti imene ilibe gawo limeneli. Ndipo inu amene muli mu VDC kapena ADC, pa msonkhano wanu wotsatira lembani kalata yopita kwa bwanamkubwa yopempha maphunziro, ndipo musasainenso chikalata chimene simudachimvetse.