Thumba la Mudzi Lidasula Nina Simone

Eunice Waymon adabadwa mu 1933 m'tauni yaing'ono ya Tryon, ku North Carolina m'dziko la America. Mayi ake adali mlaliki wa mpingo wa Methodist, ndiponso ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu. Mwanayo adayamba kuimba piyano ali ndi zaka zitatu.

Luso lidalipo, koma ndalama padalibe. Mphunzitsi wake, Muriel Mazzanovich, adakhazikitsa thumba, ndipo akuda ndi azungu omwe adasonkha kangachepe. Thumbalo lidamuthandiza kukafika kusukulu ya nyimbo ya Juilliard ku New York mu 1950.

Komatu thandizolo lidali ndi minga. Tsiku lina, akukaimbira anthu a m'tauniyo, makolo ake adachotsedwa pampando wakutsogolo kuti pakhale azungu. Mtsikanayo adakana kukhudza piyano kufikira atawabwezera pamalo pawo.

Mu 1954 adayamba kuimba jazi m'bala ina ku Atlantic City, nadzitcha Nina Simone kuti mayi ake asadziwe. Bomba litapha atsikana anayi m'tchalitchi ku Birmingham, Alabama, mu 1963, adapeka nyimbo yodzudzula tsankho, Mississippi Goddam. Mu 1974 mnzake Miriam Makeba adamutengera ku Liberia. Adamwalira ku France mu 2003.

Inu a makomiti a chitukuko, timasonkherana za maliro ndi za mijigo; nanga za mwana waluso? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma pomuthandiza, lemekezani makolo ake, pakuti mphatso yoperekedwa monyoza imasiya chipsera.