Chikhulupiriro ndi nambala ya boma: kodi wokana chiphaso cha unzika angapatsidwe laisensi?

Mnyamata wa ku Malomo m'boma la Ntchisi kapena wa ku Mvera m'boma la Dowa akafuna laisensi yoyendetsera njinga yamoto, ulendo wake umakathera ku Lilongwe, ku ofesi ya nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS. Asanafunsidwe n'komwe za malamulo a pamsewu, amayenera kuonetsa kuti iye ndi ndani. Kwa Mmalawi, umboni womwe ofesi za boma zimayembekezera masiku ano ndi chiphaso cha unzika, ndipo akatero amajambulidwa nkhope ndi kudinda zala kuti alowe m'kaundula wa pa kompyuta wa MalTIS.

Kwa anthu ambiri, vuto pamenepa ndi ndalama ya ulendo ndi mzere wautali basi. Koma alipo ena, ochepa ndithu, omwe chikumbumtima chawo sichiwalola kupatsidwa nambala ndi boma. Iwo amaloza mutu 13 wa buku la Chivumbulutso, womwe umakamba za chizindikiro chimene munthu wopanda icho sadzaloledwa kugula kapena kugulitsa. Mphekesera za 666 zidamveka m'midzi pa nthawi ya kalembera wa unzika, ndipo zidabweranso mwamphamvu katemera wa Covid-19 atafika. Mipingo ikuluikulu, monga CCAP yomwe mishoni yake ya ku Mvera idakhazikitsidwa mu 1889, kapena Katolika, siiphunzitsa zimenezo. Komatu ufulu wachipembedzo sayeza ndi kuchuluka kwa okhulupirira.

Lamulo la kalembera wa mzika la 2010 silisiya mpata: aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo ayenera kulembetsa ku bungwe la NRB, ndipo kusatero ndi mlandu. Kalembera wamkulu adachitika mu 2017, Dowa ndi Ntchisi ali m'gulu la maboma oyambirira, ndipo anthu oposa 9 miliyoni adalembedwa m'dziko lonse. Chiyambire nthawiyo chiphasochi chasanduka kiyi wa zitseko zambiri. Chimafunika polembetsa nambala ya foni, potsegula akaunti ku banki, pogula feteleza wotsika mtengo ndiponso polembetsa m'kaundula wa zisankho. Munthu amene adakana kulembetsa mu 2017 akuganiza kuti wangokana kakhadi, lero wapeza kuti adakana zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndipo apa mpofunika kunena mosapsatira: pamene boma likumangirira ntchito zambiri pa khadi limodzi, m'pamenenso mlaliki wa 666 akupeza umboni womveka kwa omutsatira.

Boma la Dowa lili ndi chifukwa chake chosapeputsira nkhani ya khadi ndi chikumbumtima. Malo a Dzaleka, omwe kuyambira 1994 akusunga anthu othawa kwawo, kale adali ndende ya anthu osagwirizana ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo ena mwa omwe adatsekeredwamo m'zaka za m'ma 1970 adali a Mboni za Yehova. Mlandu wawo udali kukana kugula khadi la chipani cha MCP, lomwe achinyamata a chipani ankalifunsa pa msika ndi pokwerera basi. Mpingowo udaletsedwa mu 1967. Mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Tisasokoneze zinthu: a Mboni sakana chiphaso cha unzika, ndipo khadi la chipani si kaundula wa boma. Khadi lija linkafunsa kuti uli mbali iti, pamene chiphaso cha lero chimangofunsa kuti ndiwe ndani. Koma omwe adalemba malamulo aakulu a dziko lino mu 1994 ankakumbukira mbiri imeneyi, ndipo gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro.

Ufuluwu uli ndi malire ake. Gawo 44 limalola kuti ufulu uchepetsedwe, pokhapokha ngati lamulo latero, ngati chifukwa chake n'chomveka, ngati n'zovomerezeka pa mfundo za ufulu wachibadwidwe pa dziko lonse, komanso ngati n'zofunikiradi m'dziko la demokalase. Udindo wopereka zifukwa uli pa boma. Tidaziona pa 8 May 2023, pamene Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la milandu ku Zomba adagamula kuti sukulu za boma zilandire ana achirasta popanda kuwameta tsitsi. Pa mlandu umenewo padalibe chifukwa chogwira mtima chosonyeza kuti tsitsi la mwana limasokoneza maphunziro a wina aliyense.

Nkhani ya laisensi njosiyana, chifukwa apa boma lili ndi choyankha. Nambala imodzi kwa munthu mmodzi imathandiza kuti dalaivala yemwe walandidwa laisensi atapha munthu pa msewu wa M1 asakatenge ina m'dzina lachilendo. Wokhudzidwa si wokhulupirira yekha, komanso mayi amene wakwera kabaza wake kuchokera pa Mponela atabereka mwana kumsana.

Makhoti a maiko ena adalimbanapo ndi funso lomweli. Ku America mu 1986, bambo wina wa mtundu wa Abenaki, Stephen Roy, adati nambala ya Social Security ingalande mzimu wa mwana wake wamkazi. Khoti lalikulu la dzikolo lidati munthu sangalamule boma mmene liyendetsere makaundula ake, ngakhale oweruzawo adasiyana maganizo pa mfundo yoti bamboyo akakamizidwe kupereka yekha nambalayo. Mlandu wofanana kwambiri ndi wathu ndi wa ku Canada. M'chigawo cha Alberta, alimi a mpingo wa Hutterite, omwe amakhulupirira kuti kujambulitsa n'kuswa lamulo lachiwiri la Mulungu, ankaloledwa kukhala ndi laisensi yopanda chithunzi mpaka mu 2003, pamene boma lidathetsa mwayiwo pofuna kuthana ndi akuba maina a anzawo. Mu 2009 khoti lalikulu lidagwirizana ndi boma, oweruza anayi kwa atatu. Ambiriwo adati kuyendetsa galimoto pa msewu wa onse ndi mwayi wokhala ndi malamulo ake, ndipo alimiwo atha kulemba ntchito madalaivala ena. Justice Rosalie Abella adatsutsa, ponena kuti m'chigawocho mudali kale anthu oposa 700 000 opanda laisensi omwe nkhope zawo sizidali m'kaundula, choncho kusowa kwa nkhope za anthu pafupifupi 250 sikukadagwetsa dongosololo.

Mlandu wotere utafika ku bwalo la kuno, mwayi waukulu ndi woti boma lingapambane, makamaka chifukwa wodandaulayo angakhale akutsutsa lamulo lenileni la kalembera, osati ndondomeko ya ofesi imodzi. Palinso nkhawa yomveka yoti khomo lotere litatsegulidwa, oyamba kulowapo angakhale atambwali ofuna ziphaso ziwiri, osati opemphera. M'dziko lomwe madandaulo a madobadoba ozungulira ofesi za laisensi ndi akalekale, nkhawa imeneyi si yabodza.

Komabe yankho la khoti la ku Canada, loti alembe dalaivala wina, silingamveke ku mapiri a Ntchisi. Kumeneko njinga yamoto ndiyo munda wa mnyamata, ndiyonso ambulansi ya mudzi nthawi ya dzinja pamene misewu ya dothi yaterera. Ndipo chimachitika n'chiyani munthu akamanidwa laisensi? Sasiya kuyendetsa. Amangolowa m'khamu la akabaza ambiri omwe akuyenda kale opanda laisensi, osaphunzira malamulo a pamsewu, akuzemba apolisi podzera njira zachidule. Lamulo lomwe cholinga chake n'kuteteza apaulendo limathera pa kuonjezera woyendetsa wina wosayesedwa mayeso.

Pali njira yapakati yomwe aphungu angaiunike. Popeza DRTSS imatenga yokha zidindo za zala ndi chithunzi, kaundula wake atha kuzindikira munthu wofuna laisensi yachiwiri ngakhale popanda nambala ya NRB. Wokana nambala pa chifukwa cha chikhulupiriro angapemphedwe kulumbira pamaso pa majisitireti, kubweretsa umboni wa mfumu yake, ndi kulola kudinda zala. Amene akana ngakhale zala ndi chithunzi ndiye kuti wasiya boma lopanda njira iliyonse yomuzindikirira pa ngozi, ndipo pamenepo gawo 44 lili kumbali ya boma. Njira yotereyi singatheke popanda kusintha lamulo la 2010, ndipo mphamvu yosintha lamulolo ili m'manja mwa Nyumba ya Malamulo, osati mwa mlembi wokhala pa windo la ofesi ku Lilongwe.