Agogo anamvera wa kwawo

Sabata yatha mu wodi yathu kuno ku Dublin munagonekedwa agogo ena a mtundu wa ma Traveller. Pofika madzulo, abale anali atadzaza pakhonde. Mnzanga wina anang'ung'udza kuti achulukitsa. Ine ndinangoseka chamumtima: akanaona khamu la ku Queens nthawi yozonda odwala, akanati chiyani?

Ma Traveller ndi eni dziko lino ngati enawo, koma ali ndi miyambo ndi chiyankhulo chawo. Boma linawavomereza ngati mtundu pawokha pa 1 March 2017, ndipo kalembera wa 2022 anawapeza pafupifupi 33,000. Kafukufuku wa 2010 anaonetsa kuti moyo wa abambo awo ndi wofupika ndi zaka 15 poyerekeza ndi abambo ena, wa amayi ndi zaka 11. Mankhwala alipo, zipatala zilipo. Chosowa n'kukhulupirirana. Munthu amene ananyozedwapo pa kauntala sabwereranso mpaka matenda atakula.

Agogo aja ankangogwedeza mutu tikamafotokoza za shuga, koma mapilitsi osamwa. Zinasintha atabwera mayi wa mtundu wawo, mlangizi wa zaumoyo. Anakhala pambali pa bedi, nacheza nawo mwa kwawo. M'mawa mwake agogo anapempha okha madzi omwera mankhwala.

Alangizi oterewa anayamba mu 1994, pamene bungwe la Pavee Point linaphunzitsa amayi a chi Traveller kuyenda khomo ndi khomo ku Finglas. Nzeruyi si yachilendo. Ku America, m'zaka za m'ma 1950, Annie Dodge Wauneka analimbana ndi TB pakati pa anthu a kwawo, a Navajo, powayendera m'nyumba ndi kuwamasulira mawu a chipatala m'chinenero chawo. Ifenso tinakula tikuona alangizi a zaumoyo akupalasa njinga kupita kusikelo.

Tsono boma lino lili ndi ndondomeko ya umoyo wa ma Traveller ya 2022 mpaka 2027. Papepala ndi yabwino ndithu. Koma ambiri mwa amayiwa amalembedwa maola ochepa pa sabata, malipiro akenso ochepa, pamene ntchito imene ife a madigiri inatikanika masiku atatu, mayi uja anaimaliza pa ola limodzi. Nditamufunsa ngati abweranso Loweruka, anati maola ake a sabatayo anali atatha kale.