Galimoto yogwada ndi misewu ya kwathu kuno

Mlungu watha patsamba lino tidakambirana za matayala. Lero tikwera pang'ono, tikambe za zitsulo zimene zimalumikiza gudumu ndi thupi la galimoto, ndiye kuti masipiling'i ndi mashoko, makamaka a mtundu wosinthika uja umene achinyamata ambiri ayamba kuusirira.

Chimene chandifulumizitsa kulemba nkhaniyi ndi ulendo wa mnyamata wina amene ndidamphunzitsa sayansi zaka zingapo zapitazo. Adabwera kudzandionetsa galimoto yake yoyamba, Toyota yaing'ono yochokera ku Japan, yotsukidwa bwino, koma yogwada pansi ngati nkhuku yokhalira mazira. Pachipata cha sukulu yathu pali chitunda chimene chidaikidwa kuti magalimoto asathamange pamene ana akuwoloka. Mnyamatayo adachikwera chammbali ngati nkhanu, komabe tonse amene tidali m'chipinda cha aphunzitsi tidamva chitsulo chikukwecha konkire, ndipo pamene adaimapo padayamba kudontha oyilo. Iye adandifotokozera monyadira kuti adachotsa masipiling'i ndi mashoko amene galimotoyo idabwera nawo, naikamo zimene amazitcha coilover. Nditamfunsa za mtengo wake adazengereza, kenaka adavomera kuti ndalamazo zidali zangongole.

Ife sitikudana nazo zipangizozi. Zikakhala zopangidwa bwino ndi kuikidwa ndi munthu wodziwa, zimagwira ntchito yotamandika. Chimene tikutsutsa ndi kugula chinthu chifukwa chakuti chimaoneka bwino pa chithunzi chojambulidwa ku Tokyo, wogulayo asanadzifunse kuti galimoto yake idzayenda msewu uti ndipo idzanyamula yani.

Tiyambe ndi zimene aliyense wofika Fomu 4 adaphunzira. M'chaka cha 1678 Robert Hooke adafalitsa lamulo lakuti sipiling'i imapanikizika molingana ndi kulemera kumene yasenza. Tiyerekeze kuti gudumu limodzi lakutsogolo lasenza makilogalamu 300. Ngati sipiling'i yake ndi yofewa, yofuna makilogalamu 3 kuti itsike milimita imodzi, idzatsika mamilimita 100. Tikaikapo yolimba, ya makilogalamu 8 pa milimita, monga zilili zambiri zogulitsidwa pamodzi ndi ma coilover, idzatsika mamilimita osakwana 38. Aphunzitsi anzanga adzaona kuti masamu a kunjanja kwa galimotoyo ndi omwe aja a mwala wolendewera pa chingwe: chingwe chikafupika, mwala umayenda mofulumira. Pa sipiling'i yofewayo thupi la galimoto limakwera ndi kutsika pafupifupi ka 95 pa mphindi imodzi, pamene pa yolimbayo limatero koposa ka 150. Kusiyana kumeneku sikuoneka ndi maso galimoto ili chiimire. Kumamveka mumsana mwa wokwera mukayenda makilomita makumi asanu pa msewu wafumbi.

Sipiling'i ikakhala yokha galimoto ingamangodumpha osaleka. N'chifukwa chake pali shoko. M'kati mwa shoko muli oyilo ndi pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono. Gudumu likakwera kapena kutsika, oyiloyo amakakamizidwa kudutsa m'timabowomo, ndipo mphamvu ya kudumphako imasanduka kutentha. Gwirani shoko mutangotsika pa msewu woipa, mudzaipeza ili yofunda. Tsono shoko yosinthika ndi imene ili ndi kachitsulo kopotokola kamene kamakulitsa kapena kuchepetsa njira ya oyiloyo. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Kampani ya Koni ya ku Netherlands idayamba kupanga mashoko osinthika m'zaka za m'ma 1940, ndipo Citroën DS ya 1955 idali ndi kachitsulo kamene woyendetsa ankakweza nako galimoto yonse akafika pa msewu wokumbika. Onani kuti iwo aja ankaganiza zokweza, osati zotsitsa.

Coilover ya masiku ano ndi shoko imene yavala sipiling'i yake, ndipo chubu chake chili ndi mizere yozungulira ngati ya bawuti. Pa mizereyo pamayenda mphete zachitsulo zimene munthu amazipotokola ndi sipanala kuti akweze kapena kutsitsa galimoto. Mawu akuti "yosinthika" amabisa zinthu zosiyana, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amanyengeka. Kampani ya KW ya ku Germany imasiyanitsa bwino: pa mtundu wake wa Variant 1 mumasintha msinkhu wokha, pa Variant 2 mumasinthanso liwiro limene shoko imabwerera nalo ikapanikizika, pa Variant 3 mumasintha kupanikizika ndi kubwerera padera padera. A Tein a ku Japan adafika popanga kachipangizo kamagetsi kotchedwa EDFC kosinthira mashoko munthu ali pampando. Pansi pa onsewa pali khamu la ma coilover otsika mtengo, a mitundu yowala, amene amadzitama kuti kachitsulo kawo kamalira ka 30 kapena kuposerapo popotokola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuchuluka kwa kulirako sikutanthauza kanthu ngati timabowo ta m'kati sitidapangidwe molingana, kotero kuti shoko ya kumanzere ndi ya kumanja zimagwira mosiyana ngakhale mutazipotokola mofanana.

Chinthu china chimene wogulitsa sadzakuuzani n'chakuti kachitsulo kaja sikafewetsa sipiling'i. Ngati sipiling'i ndi ya makilogalamu 8, idzakhalabe ya makilogalamu 8. Mukamasula shoko mpaka kumapeto pofuna kuti muyende mofewa, mwangochotsa mphamvu yogwira sipiling'i yolimbayo, ndipo galimoto idzayamba kudumphadumpha ngati ngolo. Mukaimanga kwambiri, mano adzagundana.

Pali chikhulupiriro chakuti galimoto yolimba ndi yotsika ndiyo imagwira msewu bwino pokhota. Pa bwalo la mpikisano losalala ngati la Suzuka zimenezi n'zoona: galimoto siipendekeka kwambiri, ndipo imamvera chiwongolero msanga. Koma chimene chimagwira msewu ndi tayala, ndipo tayala limagwira pokhapokha likakhudza pansi. Pa msewu wa mabampu, galimoto yolimba imalephera kutsata kukwera ndi kutsika kwa nthaka, motero tayala limakhala m'malere kwa kanthawi kochepa, kambirimbiri. Tayala limene lili m'malere silikhota, ndiponso silimva mabuleki. Amene adatsikapo pa Chiweta kapena pa Khwekhwerere mvula itagwa akudziwa kuti kanthawi kameneko n'kokwanira kutaya galimoto kuphedi.

Akuluakulu athu amakumbukira Peugeot 504, imene idatuluka mu 1968. Galimoto imeneyi idakondedwa mu Africa monse osati chifukwa cha kulimba kwa masipiling'i ake, koma chifukwa magudumu ake adali ndi mpata waukulu wokwera ndi kutsika, ndipo mashoko ake ankagwira mpata umenewo mwaulemu. Idali yofewa, komabe idapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, akuiyendetsa Ove Andersson, ndiponso mu 1978. Mpata wa gudumu ndiwo chuma chenicheni pa misewu yonga yathu, ndipo ndi chuma chimenechi chimene munthu amataya akatsitsa galimoto.

Tiwerengenso. Magalimoto aang'ono ambiri ochokera ku Japan amakhala ndi mpata wa masentimita 14 kapena 15 pakati pa mimba yake ndi nthaka, ndipo umenewu ndi wochepa kale. Mukatsitsa masentimita 4, mwatsala ndi 10 kapena 11, musanakweze munthu ndi mmodzi yemwe. Pamenepo sampu ya oyilo ndi ekizozi zili pa chifundo cha chitunda chilichonse ndi mwala uliwonse. Kuwonjezera apo, pa mitundu yambiri kutsitsako kumadya mpata wa shoko, motero pa dzenje laling'ono shoko imafika pothera n'kugunda mphira wake wotchinjiriza, ndipo nkhonya yonseyo imapita ku thupi la galimoto. Magudumu nawo amasintha kaimidwe, amapendekera m'kati, ndipo tayala limadyeka mbali imodzi pamene mbali ina ikadali yatsopano. Aliyense amene wasintha msinkhu wa galimoto ayenera kukachititsa alayinimenti tsiku lomwelo ndi kuwongolanso nyali zakutsogolo. Ambiri amaiwala kuika ndalama zimenezi m'chiwerengero.

Kunena zoona, ngati pali phindu la msinkhu wosinthika kwathu kuno, lili pa kukweza pang'ono. Mphunzitsi amene watumizidwa ku sukulu ya kutali ndi phula angapindule ndi masentimita awiri kapena atatu owonjezera. Komabe nakonso kukweza kuli ndi malire. Galimoto ikatalika imapendekeka msanga pokhota, ndipo zitsulo zozunguza magudumu akutsogolo zimagwira ntchito zitapindika, n'kutha msanga. Kwa abale athu oyendetsa ma Sienta onyamula anthu tinene mosabisa: sipiling'i yolimba imabisa kulemera kwa katundu kuti galimoto isaoneke yolemedwa, koma siiwonjezera mphamvu ya mabuleki kapena ya matayala.

Fumbi ndi matope nazonso zili ndi mawu pa nkhaniyi. Mizere ija ya pa chubu ikadzaza dothi ndi dzimbiri, mphete zimakana kuzungulira, ndipo chinthu chimene mudachigulira kusinthika chimasanduka chosasinthika pakangotha dzinja limodzi, mukapanda kumachitsuka ndi kuchidzoza. Ma coilover ambiri amabwera ndi mutu wachitsulo m'malo mwa wamphira, ndipo mutu wotere umalowetsa phokoso m'galimoto ndi kuyamba kugogoda fumbi likaulowa. Shoko yamtengo wapatali imatheka kukonzedwa ikatopa, koma funsani kaye kumene mudzakaikonzetse. Yankho likakhala lakuti kunja kwa dziko, werengerani masiku amene galimoto idzakhale pa miyala.

Motero maganizo athu ndi awa. Kwa munthu wa galimoto imodzi, yopitira kuntchito, kumudzi ndi kuchipatala, ndalama zimagwira ntchito bwino akagula mashoko wamba a kampani yodziwika, monga KYB, Monroe, Gabriel kapena Bilstein, olingana ndi galimoto yakeyo, n'kusintha awiriawiri, akutsogolo pamodzi kapena akumbuyo pamodzi. Achenjere ndi achinyengo ovala maina omwewo, agule kumene angalandire lisiti ndi chitsimikizo. Asanagule n'komwe, aonetse mphira zonse za pansi ndi kuyeza mpweya wa m'matayala, pakuti nthawi zambiri galimoto imagunda chifukwa cha mphira yong'ambika kapena tayala lopopedwa mopyola muyeso. Matayala opyapyala aja ovala marimu aakulu amaononga kufewa kwa ulendo kuposa mmene shoko iliyonse ingakonzere.

Amene watsimikizabe mtima kugula zosinthika, asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Afunse kulimba kwa masipiling'i m'manambala, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo wogulitsa akalephera kuyankha, atuluke m'sitolomo. Afunse ngati zingafike pa msinkhu umene galimoto idabadwa nawo, chifukwa zambiri zimatsitsa galimoto ngakhale mutazikweza mpaka pothera. Zikaikidwa, achite monga timachitira m'chipinda cha sayansi: ayambe pa muyeso umene opanga adalemba, asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mofanana kumanzere ndi kumanja, ayende msewu womwewo, alembe m'kope zimene wamva. Adziwitsenso a inshuwalansi ake, kuti pa tsiku la ngozi pasadzakhale mkangano. Ndipo kwa inu amene mukulowa m'masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete kapena Livingstonia, nayi ntchito imene ikusowa eni ake: omanga mabawuti alipo ambiri, koma makaniko wotha kufotokozera mwini galimoto chifukwa chake sipiling'i iyi siyenera msewu wakwawo ndi wosowa.

Mnyamata wanga uja tidakhala naye Loweruka lina ndi tepi ndi sipanala. Mphete zidali zisanagwidwe dzimbiri, kotero tidakweza galimotoyo masentimita atatu, ndipo apo ndi pamene mizere idathera. Sampu adakaiwotcheretsa, alayinimenti adachititsa, ndipo chitunda cha pachipata tsopano amachidutsa molunjika. Masipiling'i ndi omwe aja olimba, chifukwa ofewa olowa pa mashoko amenewo sadawapeze, ndipo akale aja adawagulitsa kale. Ngongole akubwezabe. Mayi ake, amene amavutika ndi msana, adakweramo kamodzi, ndipo kuchipatala akupitabe pa minibasi.