Odwala Impso Apimidwe Magazi, Mtengo Usakhale Cowiringula

Munthu amene impso zake zaleka kugwira nchito amalumikizidwa ku makina otsuka magazi katatu pa mlungu, maola anai ulendo uliwonse. M'cipinda cimodzi odwala ambiri amasinthana mipando kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Umu ndi m'mene kacilombo ka hepatitis C, koononga ciwindi, kamapezera njira. Kadontho ka magazi kosaoneka ndi maso, pa golovesi ya namwino kapena pa kabotolo ka mankhwala kogawira odwala awiri, nkokwanira. Katemera wake kulibe, ndipo ambiri amakhala nako zaka zambiri osamva kupweteka kulikonse.

Cifukwa ca ici, bungwe la akatswiri a impso la KDIGO linalangiza mu 2018 kuti wodwala aliyense apimidwe poyamba kutsukidwa magazi, pocoka cipatala cina kupita cina, ndiponso miyezi 6 iliyonse. Ife tigwirizana nalo langizoli kotheratu.

Ena amati kupima nkodula. Tiyeni tiuone bwino mtengowo. Kupima kuli pawiri. Kotsika mtengo kumangoonetsa kuti thupi linakumanapo ndi kacilomboka. Sikunena ngati kakalimo, pakuti mwa anthu 10 otenga matendawa, pafupifupi 3 amacira okha; komanso sikuona kanthu mwa munthu amene wangotenga kumene masabata apitawo. Kupima kwaciwiri, kwa PCR, kumafunafuna kacilombo kenikeniko, ndipo kumeneku ndiye kumene oyang'anira ndalama amadandaula nako.

Dandaulo lotere linali lomveka kale, pamene mankhwala anali interferon, wozunza thupi ndi wociritsa owerengeka. Kuyambira 2013, pamene sofosbuvir inavomerezedwa ku America, zinthu zinasintha. Mapiritsi a masabata 12 amaciritsa odwala oposa 95 mwa 100, ndipo a impso sali kunja kwa ciwerengeroci. Mankhwala amene poyamba anagulidwa madola 84,000 tsopano apezeka m'maiko osauka pa madola osafika 100.

Mtengo wa zopimira nawonso umagonja pamene Boma ligula zambiri pamodzi. Dziko la Egypt, limene linali ndi matendawa koposa maiko ena onse, linapima anthu pafupifupi 50 miliyoni pakati pa 2018 ndi 2019. Copimira ca msanga cinatsika kufika pansi pa dola imodzi, ca PCR pafupi madola 5. Ngati izi zinatheka pa mtundu wonse, nanga zingakanike bwanji pa odwala impso, amene maina ao onse ali kale m'mabuku a cipatala?

Kuno kwathu sitiyambira pacabe. Makina a GeneXpert amene amapima cifuwa cacikulu m'zipatala zathu akhozanso kupima hepatitis C. Cofunika ndi kugula timakatiriji take. Tipempha Unduna wa Zaumoyo kuti mtengo wa kupima uwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa kutsuka magazi, ku UTH mu Lusaka ndi kwina konse kumene kuli makinawa. Banja limene latha kale ndalama pa maulendo atatu pa mlungu lisapatsidwe kapepala kokapimitsa ku cipatala colipira, pakuti silidzapita.

Kwa anamwino, mau athu ndi awa: wodwala akapezeka ndi kacilomboka pamene miyezi 6 yapitayo analibe, onse a m'cipindamo apimidwenso msanga, ndipo kasambidwe ka m'manja, kasinthidwe ka magolovesi ndi kakonzedwe ka jekeseni zifufuzidwe mlungu womwewo.