Si Khoswe Aliyense Ali Mdani Wathu

Anthu ambiri akamva dzina loti khoswe amaganiza za mbala ija imene imaboola matumba a chimanga ndi kuwononga zovala m'nyumba. Khoswe wa m'nyumba ndi mdani ndithu, ndipo makolo ake anachokera ku Asia pa zombo za amalonda. Koma m'nkhalango za mu Africa muno muli khoswe wina amene amakhala m'mitengo. Ine ndikuti ameneyu ngoyenera kumsunga, pamodzi ndi nkhalango imene ili mudzi wake.

Akatswiri a zamoyo amaika nyama m'magulu monga momwe ife timadziŵirana ndi mafuko ndi ziŵongo. Makoswe, mbeŵa, agologolo ndi nungu zili m'gulu limodzi lotchedwa Rodentia, la nyama zimene mano ake akutsogolo amakula moyo wonse. M'gululi muli banja la Muridae, ndipo m'banjali muli mtundu wa Grammomys, ndiwo wa khoswe wa m'mitengo. Dzinali analipereka ndi Oldfield Thomas wa ku London m'chaka cha 1915.

Makoswe ameneŵa amapezeka mu Africa mokha, kumwera kwa chipululu cha Sahara, m'maiko monga Congo, Kenya, Tanzania, Zambia, Mozambique, South Africa ndi kuno ku Malaŵi. Msana wawo ngofiirira, mimba njoyera, ndipo mchira ngwautali kuposa thupi. Mchirawo umaŵathandiza kuti asagwe poyenda pa nthambi. Masana amagona m'zisa zobulungira za udzu ndi masamba, zimene amamanga m'ziyangoyango. Usiku amatuluka kukadya zipatso, masamba ndi nsonga zanthete.

Kodi kanyama kotere kangatipindulire chiyani? M'chaka cha 1948, Ignace Vincke ndi Marcel Lips anagwira makoswe a m'mitengo ku Katanga, m'dziko la Congo. Atayeza magazi awo anapezamo tizilombo ta malungo timene sitigwira munthu. Popeza tizilomboti timatha kukhalanso m'mbeŵa zoŵeta, asayansi anapeza njira yophunzirira malungo ndi kuyesa mankhwala popanda kudwalitsa anthu. M'chaka cha 1967, Ruth Nussenzweig wa ku New York anaonetsa kuti mbeŵa zikabayidwa tizilomboti titafooketsedwa, zimatetezedwa ku matendaŵa. Nzeru imeneyi inatsegula njira ya katemera wa malungo, amene Malaŵi linayamba kupatsa ana m'chaka cha 2019. Nkhalango za ku Katanga zikanapsa kale, ndani akanapeza tizilombo timeneti?

Ena anganene kuti khoswe ndi khoswe basi, ndipo kuti kusaka mbeŵa ndi mwambo wa makolo. Nzoona kuti mbeŵa ndi ndiwo zokoma, ndipo kuzikumba m'munda chimanga chitakololedwa sikulakwa. Cholakwa ndicho kutentha tchire pofuna mbeŵa zoŵerengeka. Moto susankha. Umapsereza zisa, timitengo tating'ono ndi zinyalala zimene zikanasanduka chonde. Mbeŵa ya pansi imathaŵira kuuna, koma khoswe wa m'mitengo alibe kothaŵira. Chimodzimodzinso wodula mitengo mosasamala: amagwetsa nyumba za zamoyo zambiri zimene sanazionepo nkomwe.

Tsono inu ana, nkhaniyi ikukukhudzani. M'chilimwe musanyamule machesi popita kosaka. Mukaona chisa cha udzu m'ziyangoyango, chiyang'anitsitseni, koma musachiphwasule. Sitidziŵa phindu la zamoyo zonse za m'nkhalango zathu za ku Mulanje, ku Zomba ndi ku Nyika. Tikazitha lero, a maŵa sadzapezamo kanthu.

Mafunso

1. Kodi khoswe wa m'mitengo amasiyana bwanji ndi wa m'nyumba?
2. Tchulani maiko anayi kumene amapezeka.
3. Kodi khosweyu anathandiza bwanji pa nkhondo yolimbana ndi malungo?
4. Fotokozani kuipa kwa kutentha tchire.